Phunziro la Mwezi Uno: Chigoba cha Payi cha Nsinjiro, Chopanda Ufa wa Tirigu

Mayi aliyense wa kumudzi amadziwa kutendera ndiwo. Nkhwani, chisoso, chigwada ndi bonongwe zikalandira nsinjiro, ana amanyambita zala ndipo mphika umatsala mbee. Koma ntchito ya nsinjiro sithera pa ndiwo ndi phala pokha. Phunziro la mwezi uno likulongosola m'mene nsinjiro zingalowere m'malo mwa ufa wa tirigu pokonza chakudya chimene anthu a m'tauni amachitcha payi.

Payi ndi chakudya chowotcha chokhala ndi magawo awiri. Pansi pamakhala chigoba cholimba chooneka ngati mbale, ndipo m'kati mwa chigobacho amathiramo zofewa monga dzungu, zipatso, mazira kapena nyama. Ku Ulaya ndi ku America, kumene chakudyachi n'chofala, chigoba amachiumba ndi ufa wa tirigu wosakaniza ndi batala. Komabe chigoba chabwino chikhoza kuumbidwa ndi mtedza wa m'munda, popanda ngakhale supuni imodzi ya tirigu.

Pali zifukwa zitatu zophunzirira luso limeneli. Choyamba, tirigu amalimidwa m'madera ochepa ozizira okha monga ku Neno ndi ku Tsangano, ndipo wambiri amachokera kunja kwa dziko. Motero ufa wake umalira ndalama, pamene mtedza uli m'nkhokwe. Chachiwiri, mtedza uli ndi zomanga thupi zochuluka kuposa tirigu. Chachitatu, pali anthu ena amene tirigu amawadwalitsa, ndipo iwo afunika kudziwa zakudya zimene angadye popanda mantha.

KODI GULUTENI N'CHIYANI?

Munthu akakanda ufa wa tirigu ndi madzi, mtanda wake umatamuka ngati mphira. Akakanda ufa wa chimanga, mtandawo umangonyenyeka. Kusiyana kumeneku kumadza chifukwa cha guluteni, mtundu wa zomanga thupi umene umapezeka mu tirigu ndi mu mbewu zina ziwiri za fuko lake, balere ndi rye. Guluteni ndiye amagwira mpweya mu mtanda kuti buledi, masikono ndi mandasi zifufume.

Ofuna kumuona ndi maso angachite chonchi: akande kamtanda ka ufa wa tirigu, akasiye kwa mphindi 30, kenaka akatsuke pang'onopang'ono m'beseni la madzi. Madzi adzayera ngati mkaka, ndipo m'manja mudzatsala kanthu konanda ngati ulimbo. Kanthu kameneko ndiye guluteni.

Chimanga, mpunga, mapira, mawere, chinangwa, mbatata, nthochi, nyemba ndi mtedza zilibe guluteni. Kotero nsima, kondowole, phala la mgaiwa, futali ndi thobwa la chimera cha mawere ndi zakudya zopanda guluteni kuyambira makedzana. Tsono mfundo iyi imveke bwino: kwa anthu ochuluka guluteni alibe vuto lililonse, ndipo munthu wabwinobwino alibe chifukwa chosiyira buledi. Vuto lili pa anthu ochepa okha.

MATENDA A COELIAC

Pa dziko lonse, pafupifupi munthu 1 mwa anthu 100 ali ndi matenda otchedwa coeliac. Matendawa sapatsirana, sadza ndi ufiti, koma amayenda m'magazi a pamtundu. Munthu wotere akadya tirigu, chitetezo cha m'thupi mwake chimalusa n'kuyamba kuwononga matumbo ake aang'ono. M'kati mwa matumbowa muli tinthu ting'onoting'ono tambirimbiri tooneka ngati ubweya wa thaulo, timene timayamwa chakudya kuti chilowe m'magazi. Tinthuti tikaphwanyika, chakudya chimangodutsa osapindulitsa thupi.

Zizindikiro zake mwa mwana ndi izi: kutsegula m'mimba kosatha, chimbudzi chotuwa ndi chonunkha kwambiri, mimba yotupa, miyendo ndi matako zowonda, kuchepa kwa magazi, kunyentchera, ndiponso mzere wa pa khadi la sikelo wosakwera. Wamkulu amamva kutopa, kufooka ndi kudzimbidwa, ndipo mafupa ake amafooka.

Komatu zizindikiro zomwezi zimaonekanso pa mwana wa njoka za m'mimba, wa chifuwa chachikulu, wa kachirombo ka HIV, kapena wosowa chakudya chokwanira, ndipo matenda amenewa ndiwo ofala kumidzi. Choncho kholo lisagamule lokha. Dokotala yekha ndiye angatsimikize, poyeza magazi ndiponso nthawi zina kachidutswa ka thumbo. Wodwala asasiye kudya za tirigu asanayezedwe, popeza akasiya, magazi saonetsanso bwino matendawa.

Akapezeka nawo, mankhwala ake ndi amodzi: kusiya guluteni kwa moyo wonse. Ndiye kuti asiye buledi, mandasi, masikono, mabisiketi, makeke, supageti, mowa wa balere, ndiponso chigumu kapena zitumbuwa zimene wophika waponyamo ufa wa tirigu. Ngakhale nyenyeswa za buledi zotsala pa mbale zikhoza kudzutsa matendawa. Ndi chifukwa chake muyeso wa bungwe la Codex Alimentarius umati chakudya chogulitsidwa monga chopanda guluteni chisapitirire mamiligalamu 20 a guluteni pa kilogalamu imodzi.

M'MENE CHOYAMBITSA CHINADZIWIKIRA

M'chaka cha 1888, dokotala wa ku London, Samuel Gee, analongosola bwino za matendawa, ndipo anaona kuti machiritso ake ayenera kudzera m'zakudya. Koma chakudya cholakwa chinakhala chobisika kwa zaka zina zambiri.

Amene anachiulula ndi Willem Dicke, dokotala wa ana wa ku Netherlands, amene anayamba kukayikira tirigu m'zaka za m'ma 1930. M'nyengo yozizira ya 1944 mpaka 1945, pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, dziko lake linagwa m'njala yoopsa ndipo buledi anasowa. Chodabwitsa chinali chakuti ana odwala coeliac anayamba kupeza bwino pa nthawi imene anthu ena anali kuwonda. Buledi atabwerera, matenda a anawo anabwereranso. M'chaka cha 1950 Dicke analemba zimene anapeza, ndipo kuyambira pamenepo ana ambiri amene akanafa apulumuka pongosintha chakudya.

UBWINO WA MTEDZA

Mu magalamu 100 a mtedza wosenda muli pafupifupi magalamu 25 a zomanga thupi ndi magalamu 49 a mafuta. Pa kulemera kofanana, mtedza umapatsa mphamvu zoposa ufa wa chimanga ndi theka. Mimba ya mwana ndi yaing'ono, choncho afunika chakudya chochepa koma chodzaza ndi mphamvu. Ichi ndicho chifukwa chake chiponde chimene zipatala zimapereka kwa ana onyentchera kwambiri chimapangidwa ndi mtedza, mkaka wa ufa, shuga, mafuta ndi mavitamini.

Mitundu yodziwika m'Malaŵi monga Chalimbana ndi CG7 yonse ndi yoyenera pa chigoba chimenechi. CG7, wa khungu lofiira, ali ndi mafuta ochuluka, motero salira mafuta ambiri owonjezera.

A zaumoyo amaphunzitsa magulu 6 a zakudya: zokhutitsa, za mtundu wa nyemba, zochokera ku nyama, masamba, zipatso ndi mafuta. Payi ya dzungu imasonkhanitsa magulu 5 m'mbale imodzi. Ufa ndi chokhutitsa, nsinjiro ndi za mtundu wa nyemba, mazira ndi mkaka ndi zochokera ku nyama, dzungu lili m'gulu la masamba, ndipo mafuta alimo. Mwana akalandiranso nthochi kapena kachidutswa ka papaya, magulu onse akwanira.

MDANI WOBISALA MU MTEDZA

Asanagwire munsi, mayi adziwe za chuku. Chuku ndi nkhungu imene imamera pa mtedza ndi chimanga pamene pali chinyezi ndi kutentha. Mtundu wina wa nkhunguyi, wotchedwa Aspergillus flavus, umatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin.

Poizoniyu anadziwika m'chaka cha 1960, pamene nkhukundembo zoposa 100,000 zinafa ku England zitadya chakudya chosakaniza ndi mtedza wochokera ku Brazil. M'chaka cha 2004, ku Kenya, anthu 317 anadwala atadya chimanga cha chuku, ndipo 125 mwa iwo anamwalira. Koma kawirikawiri poizoniyu sapha tsiku limodzi. Amalowa pang'onopang'ono, chaka ndi chaka, nawononga chiwindi mpaka kuyambitsa khansa. Ngoziyi imakula kwambiri kwa munthu amene alinso ndi matenda a chiwindi a hepatitis B. Katemera woteteza ana ku matendawa anayamba kuperekedwa m'Malaŵi m'chaka cha 2002, ndipo ichi ndi chifukwa chinanso chomalizitsira katemera yense wa mwana. Kafukufuku wa ku Benin ndi Togo wofalitsidwa mu 2002 anapeza kuti ana opinimbira anali ndi poizoniyu wochuluka m'magazi kuposa anzawo okula bwino. Poizoniyu amadutsanso mpaka mu mkaka wa m'mawere ndi wa ng'ombe.

Kawirikawiri pa sikelo pamapezeka mayi wofunsa kuti, "Adokotala, nanga mtedza wowolawo ndikaukazinga kwambiri, poizoniyo safa kodi?" Yankho la a zaumoyo ndi ili: "Iyayi amayi. Moto umapha nkhungu, koma poizoni amene yasiya satha ndi moto wa pa mafuwa. Mtedza wowola malo ake ndi kudzala."

Pali chizolowezi china choopsa m'midzi yambiri. Banja limasankha mtedza wonenepa kupita nawo ku msika, ndipo wonyala, wosweka ndi wakuda umatsala kuti asinje nsinjiro za pakhomo. Potero poizoni amene wogula wakana amalowa m'phala la mwana. Njere zochepa zowola zikhoza kuipitsa mtondo wonse, monga akulu anati nsomba ikawola imodzi zonse zawola. Nsinjiro zogula zosinjasinja nazonso zili ndi vuto lomweli, popeza wogula saona mtedza umene unalowa mu mtondo. Nzeru ndi kusinja yekha mtedza umene wausankha ndi maso ake.

MALAMULO 6 A MTEDZA WABWINO

1. Mtedza ukumbidwe pa nthawi yake. Wokhalitsa m'nthaka umabooledwa ndi chiswe, ndipo nkhungu imalowera m'mabowomo.

2. Uumitsidwe msanga, makoko asakhudze dothi lonyowa. Wothothola uyanikidwe pa mphasa kapena pa thandala. Mtedza wouma bwino umalira m'makoko munthu akaugwedeza.

3. Usungidwe ndi makoko ake, m'matumba olowa mpweya, osanjikidwa pa mitengo, otalikira khoma ndi denga lodontha.

4. Usawazidwe madzi pouswa. Ena amanyowetsa makoko kuti afewe, ena amatero kuti mtedza ulemere pa sikelo ya ogula. Madziwo ndiwo amaitana chuku.

5. Wosenda uthiridwe pa lichero masana, powala, ndipo njere iliyonse yonyala, yosweka, yobooka, yakuda, yomera kapena ya ufa wobiriwira ichotsedwe. Njere yowawa ilavulidwe.

6. Wotayidwa ukwiriridwe kapena utenthedwe. Usapatsidwe nkhuku, nkhumba kapena ng'ombe, popeza ziweto nazonso zimadwala nawo.

ZOFUNIKA PA CHIGOBA CHIMODZI

Miyeso iyi ndi ya mbale yachitsulo yotambalala masentimita pafupifupi 22, ndipo kapu yotchulidwayi ndi ya tiyi.

Makapu 2 a nsinjiro zosefa
Theka la kapu ya ufa woyera wa chimanga, kapena wa chinangwa
Dzira 1
Supuni yaikulu 1 ya mafuta ophikira
Supuni yaikulu 1 ya shuga, ngati zam'kati zidzakhala zotsekemera
Kamchere ka ayodini kotapa ndi zala
Masupuni 2 kapena 3 a madzi owiritsa ozizira

Chilichonse mwa izi chili ndi ntchito yake. Popeza mulibe guluteni wogwirizanitsa mtanda, dzira ndilo limamanga, pakuti limalimba likamva moto. Ufa umamwa mafuta otuluka mu nsinjiro kuti chigoba chisalefuke. Ufa wa chinangwa umamata bwino kuposa wa chimanga, koma ukhale wa chinangwa chimene chinasendedwa, kuviikidwa m'madzi masiku okwanira ndi kuumitsidwa monga amachitira pokonza kondowole, chifukwa chinangwa chowawa chosaviika chili ndi poizoni.

Ngati payiyo ndi ya munthu wodwala coeliac, sefa, lichero, mbale ndi mthiko zitsukidwe bwino ngati zinagwirapo ufa wa tirigu, ndipo ufa usachokere m'thumba limene munali tirigu.

KAPANGIDWE KAKE

1. Wophika asambe m'manja ndi sopo pa madzi othira, awenge zikhadabo, ndipo amange mpango kumutu. Mtanda uwu umaumbidwa ndi zala, choncho litsiro la m'manja limalowa m'chakudya.

2. Akazinge mtedza wosankha uja m'chiwaya pa moto wochepa, akuvundula, mpaka khungu liyambe kusupuka. Usapse kwambiri, popeza ukubwereranso pa moto. Ukazizira, aufikise m'manja ndi kuupeta.

3. Asinje mopepuka mu mtondo wouma, akusefa kawirikawiri. Mtedza wokazinga ukasinjidwa mwamphamvu umasanduka chiponde. Kuthira mu mtondo supuni imodzi ya ufa uja kumathandiza kuti nsinjiro zikhale zoyoyoka.

4. Asakanize nsinjiro, ufa, mchere ndi shuga m'mbale yoyera.

5. Aswere dzira m'kapu payokha kuti aone ngati lili labwino, alimenye, kenaka alithire mu ufa pamodzi ndi mafuta.

6. Awonjezere madzi supuni imodzi imodzi, akusakaniza, mpaka mtanda ugwirane. Muyeso wake ndi uwu: akafumbata pang'ono m'dzanja, mtanda ukhale chibulumwa osanyenyeka, komanso usamate zala.

7. Apake mafuta m'mbale yachitsulo. Mtanda wa nsinjiro sutheka kuufutukula ndi botolo monga wa tirigu. Auike pakati pa mbale ndi kuupsinja ndi zala kuchokera pakati kunka m'mbali, mpaka ukwere m'mphepete. Kuchindikala kwake kukhale theka la sentimita paliponse. Pansi pa kapu pamathandiza kusalaza.

8. Abooleboole pansi pa chigobacho ndi foloko kuti nthunzi izituluka, achivindikire, nachisiye pamthunzi kwa mphindi 15.

9. Akonze uvuni wa mphika monga amachitira pophika chigumu. Pansi pa mphika waukulu aikepo mchenga woyera wouma kapena timiyala titatu, kuti mbale isakhudze chitsulo chotentha. Mphikawo ukhale pa makala ochepa, ndipo makala ochulukirapo akhale pa chivindikiro. Poyesa moto, awaze kaufa pa kambale m'kati mwa mphika. Ufa ukada nthawi yomweyo, moto wachuluka. Ukafiira pang'onopang'ono, moto uli bwino.

10. Awotche chigoba chopanda kanthu kwa mphindi 10 mpaka 15, mpaka m'mphepete mufiirire ndipo fungo la mtedza limveke. Amene ali ndi uvuni wa magetsi autchere pa madigiri 175.

11. Achitulutse ndi kuchisiya chizizire m'mbale momwemo. Chikatentha chimakhala chofewa, chikazizira chimalimba. Wofulumira kuchigwira amachiswa. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

ZAM'KATI ZA MITUNDU ITATU

Za dzungu. Mayi aphike dzungu lakupsa lofiira m'kati ndi madzi ochepa, alikhetse bwino, nalipote mpaka lisalale. Makapu 2 a dzungu asakanizidwe ndi mazira 2, theka la kapu ya mkaka wowiritsa, masupuni 2 a shuga ndi kamchere. Zimenezi zithiridwe m'chigoba chozizira ndi kuwotchedwa kwa mphindi 30 mpaka 40 pa moto wodekha. Mpeni woyera ukalowa pakati n'kutuluka wopanda chomata, payi yapsa. Dzungu lofiira lili ndi zimene thupi limasandutsa vitamini A, woteteza maso ndi kulimbitsa chitetezo cha mwana.

Za mbatata. Mbatata ya kholowa yofiira m'kati ikhoza kulowa m'malo mwa dzungu pa miyeso yomweyo. Popeza ndi yotsekemera kale, shuga achepe kapena asakhalemo n'komwe.

Za ndiwo. Pa payi iyi chigoba chisathiridwe shuga. Mayi akazinge anyezi ndi matimati, aponyemo nkhwani kapena bonongwe woduladula, ndiponso usipa wotsuka ndi wosinja. Madzi akauma, aziziritse, asakanize ndi mazira 2, nawotche monga poyamba paja. Usipa wodyedwa ndi minga yake umalimbitsa mafupa.

ZOLAKWIKA ZOFALA NDI MANKHWALA AKE

Chigoba chikanyenyeka, ndiye kuti madzi anachepa, sichinapsinjidwe mokwanira, kapena chinadulidwa chikadali chotentha.

Chikada m'mphepete pakati pasanapse, moto unachuluka. Nsinjiro zimapserera msanga kuposa tirigu chifukwa cha mafuta ake. Makala achepetsedwe, ndipo pa kuwotcha kwachiwiri m'mphepete muphimbidwe ndi timizere ta tsamba la nthochi.

Chikalefuka pansi, zam'kati zinali ndi madzi ambiri, kapena chigoba sichinawotchedwe chokha poyamba. Kupaka pansi pake madzi oyera a dzira chitangotuluka pa moto kumatseka timabowo.

Chikatuluka mafuta ambiri, mtedza unasinjidwa mopitirira. Ulendo wina ufa uwonjezedwe, ndipo mafuta ophikira asathiridwe.

Chikawawa kapena kununkha chuku, chitayidwe chonse. Shuga amabisa kuwawa, koma sachotsa poizoni.

OYENERA KUSAMALA

Pali anthu ena amene thupi lawo limadana ndi mtedza. Akangolawa, m'mphindi zochepa amatuluka zidzolo zoyabwa, milomo ndi nkhope zimatupa, amasanza, ndipo ena amabanika. Wotupa lilime kapena wolephera kupuma athamangitsidwe ku chipatala nthawi yomweyo, usana kapena usiku. Munthu wotere asadzadyenso mtedza, nsinjiro kapena chiponde popanda uphungu wa dokotala, ndipo wolandira alendo awauze kuti m'payi muli mtedza.

Mwana wosakwana miyezi 6 ayamwe bere lokha. Kuyambira miyezi 6 angalandire nsinjiro m'phala ndiponso zam'kati zofewa za payi, akupitiriza kuyamwa mpaka zaka 2 kapena kupitirira. Njere zathunthu za mtedza zisapatsidwe kwa mwana wosakwana zaka 5, chifukwa zikhoza kumutsamwitsa. Uchi usalowe m'chakudya cha mwana wosakwana chaka chimodzi.

Wodwala matenda a shuga asankhe payi ya ndiwo, ndipo adye kachidutswa kochepa.

Pa za moto, mbaula ikhale panja kapena m'khitchini yolowa mpweya, popeza makala oyaka m'nyumba yotseka amatulutsa mpweya wakupha umene suoneka ndiponso sununkha. Chivindikiro cha makala chisaikidwe pansi pamene ana akukwawa. Zitini zimene munali penti kapena mankhwala a mbewu zisasanduke mbale zowotchera, ngakhale zitatsukidwa motani.

KASUNGIDWE

Payi ya mazira ndi mkaka ndi chakudya chimene tizirombo timachikonda. Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse, World Health Organization, limalangiza kuti chakudya chophika chisakhale pa mtetete kupitirira maola 2. Choncho pakhomo popanda firiji, payi iphikidwe pafupi ndi nthawi ya chakudya, ivindikiridwe kuopa ntchentche, ndipo idyedwe yonse. Isagone.

Chigoba chopanda zam'kati, ngati chawotchedwa mpaka kuuma, chikhoza kukhala masiku 2 kapena 3 m'chotengera chouma chovindikira. Nsinjiro zisasinjidwe zambiri nthawi imodzi, chifukwa mafuta ake amasasa ndipo zimakoka chinyezi. Mtedza umasungika bwino m'makoko ake kuposa mu mtsuko wa nsinjiro.

MAFUNSO OKAMBIRANA PA SIKELO NDI M'MAGULU A AMAYI

1. Kodi guluteni amapezeka mu mbewu ziti? Nanga ndi zakudya ziti za kumudzi zimene zilibe guluteni?

2. N'chifukwa chiyani kholo siliyenera kugamula lokha kuti mwana ali ndi matenda a coeliac?

3. Kodi kukazinga kumachotsa poizoni wa chuku?

4. Ndi mtedza uti umene mabanja a m'mudzi amasiya pakhomo, ndipo ndi uti umene amagulitsa? Kodi chizolowezichi chingasinthe bwanji?

5. Dzira ndi ufa zili ndi ntchito yanji mu mtanda wa nsinjiro?

6. Munthu akatupa milomo atadya mtedza, achibale achite chiyani?

MAWU OMALIZA

Chigoba cha nsinjiro sichilira zida zachilendo. Mtondo, sefa, lichero, mphika ndi makala ndi zokwanira. Kwa banja la mwana wodwala coeliac, payi imeneyi imachititsa kuti pa Khirisimasi kapena pa ukwati mwanayo adye chowotcha pamodzi ndi anzake m'malo mongoyang'ana. Kwa mabanja ena onse, ndi njira yosandutsira mtedza, dzungu ndi mazira a pakhomo kukhala chakudya chomanga thupi.

Koma ntchito yaikulu imachitika pa lichero, moto usanakolezedwe. Mayi amene wapatula mphindi zochepa kuchotsa njere zowola wateteza chiwindi cha mwana wake kwa zaka zambiri zam'tsogolo. Mtedza wabwino koposa uyambe wadyedwa pakhomo, ndipo wotsala ndiwo upite ku msika. Amene ali ndi mafunso ena akaonane ndi a zaumoyo a m'dera lawo pa tsiku la sikelo.